Mu bodi ya nyumba za boma mukhale munthu wodziwa kuyala mzinda: zimene ndaona ku Malawi, Zambia ndi Tanzania

Mayina a anthu olowa m'mabodi a kampani za boma akangolengezedwa, pa WhatsApp pamakhala pikitipikiti: uyu ndi wa chipani chiti, kwawo ndi kuti, anapindula chiyani pa kampeni. Pa bodi ya Malawi Housing Corporation, imene tonse timangoti MHC, ine funso langa limakhala lina. Mwa anthuwa, ndani anaphunzira kayalidwe ka mzinda? Ndani angayang'ane mapu n'kunena kuti apa madzi a mvula adzadutsa, apa msewu uchepa, apa paipi ya suweji yayandikana kwambiri ndi ya madzi akumwa? Loya amafunika, wowerengera ndalama amafunika, koma palibe mwa iwo amene ntchito yake ndi kuona mzinda wonse pamodzi.

MHC inakhazikitsidwa mu 1964. Nyumba za ku Nkolokosa, Chitawira, Kanjedza, Area 18 ndi Katoto ndi umboni woti panali nthawi imene msewu, ngalande ndi madzi zinkabwera limodzi ndi nyumba. Panalinso njira ina yothandiza anthu opeza zochepa: kudula mapuloti, kulambula misewu, kenako munthu n'kumanga yekha malinga ndi thumba lake. Area 25, Zingwangwa ndi Chilomoni zinakula motero, mpaka malo otere anaperekedwa m'manja mwa makhonsolo cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mu Lilongwe ndi 800,000 mu Blantyre, ndipo ambiri mwa iwo sakhala m'nyumba za MHC kapena pa puloti yoyezedwa. Ali ku Mtandire, Mgona, Chinsapo, Mbayani. Ku Mtandire mukaimirira mumaona madenga a ku Area 47 kutsidya kwa mtsinje wa Lingadzi, koma kanjira kamene mwaimapo sikangadutse ambulansi, ndipo dzenje limene munthu anaumbamo njerwa za nyumba yake ndi lomwelo limene likusunga madzi pakhomo dzinja lonse.

Vuto lathu lalikulu ndi nthawi. Pulani ya mzinda imayang'ana zaka makumi awiri kutsogolo, pamene bodi imagwa limodzi ndi boma. Mu 2020 Pulezidenti Lazarus Chakwera atangolowa anathetsa mabodi ambiri a kampani za boma, atsopano n'kudzalengezedwa patapita miyezi. Sanali woyamba kuchita zimenezi. Ndiye ngakhale katswiri weniweni atalowa mu bodi, amadziwa kuti mpando wake ndi wobwereka, ndipo munthu wokhala pa mpando wobwereka savuta kuti akhale chete pamene wamkulu akufuna puloti pamalo osayenera.

Kwa anzathu ku Zambia nkhani yake ili ndi mbali ziwiri, ndipo zonse ndi zophunzitsa. National Housing Authority yawo inayamba mu 1971. Koma chinthu chimene ndimachisirira ndi lamulo la 1974 limene linavomereza kuti makomboni sadzatha, choncho m'malo mowagwetsa ndi bwino kuwakonza. Munthu wa m'komboni yovomerezedwa ankatha kulandira chikalata chomulola kukhala pamalopo zaka 30. Ndi ngongole ya Banki Yaikulu Padziko Lonse, khonsolo ya Lusaka inalowa mu George, Chawama, Chaisa ndi Chipata kukaika misewu ndi mipope. Kachitidwe kake ndiye kamandigwira mtima. Odziwa mapulani sankangojambula mzere ali mu ofesi. Ankayenda wapansi ndi atsogoleri a m'deralo, kugwirizana kuti msewu udutse apa, ukhote apa, ndipo banja limene nyumba yake yagwera mu msewu linkapatsidwa puloti pafupi pomwepo. Imeneyo ndiyo ntchito ya munthu amene ndikumufuna mu bodi yathu.

Mbali yachiwiri ndi yowawa. Mu 1996 ndondomeko ya nyumba ya Zambia inalandira ulemu kuchokera ku bungwe la United Nations loona za malo okhala anthu. Chaka chomwecho, chisankho chili pafupi, Pulezidenti Frederick Chiluba analamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa amene ankakhalamo, zambiri pa mtengo wotaya. Amene anagula anasangalala, ndipo sindingawadzudzule, pakuti ndani angakane nyumba? Koma makhonsolo anataya lendi imene inkawathandiza kukonza misewu ndi kutola zinyalala, ndipo nyumba zolowa m'malo mwake sizinamangidwe mokwanira. Kenako kunabwera ntchito yomanga nyumba ya Presidential Housing Initiative, imene inkayendetsedwa kuchokera kunyumba ya boma, kulambalala National Housing Authority, bungwe limene lamulo linalipatsa ntchitoyo. Levy Mwanawasa atalowa anaithetsa. Dzina lake linatsalira pa dera lina la mu Lusaka limene mpaka lero amaliti PHI. Akatswiri ku Zambia analipo, Copperbelt University imawaphunzitsa, ndipo kuyambira 2011 ali ndi lamulo lawolawo lowalembetsa. Komabe komboni ya Kanyama mu Lusaka imasefukira madzi pafupifupi dzinja lililonse, ndipo kolera wa 2017 ndi 2018 anapweteka kwambiri makomboni ngati omwewo. Katswiri wopanda mphamvu yokana amangolemba malipoti.

Tanzania inayesa njira ina. National Housing Corporation yawo ndi ya 1962, nthawi ya Julius Nyerere. Mu 2010 anaika Nehemiah Mchechu, munthu wochokera ku mabanki, kukhala mkulu wa bungweli, ndipo linadzuka ndithu: lendi inayamba kutoleredwa, ngongole zinapezeka, nyumba zosanja monga Morocco Square ndi Kawe 711 zinayamba kukwera mu Dar es Salaam. Ameneyo anali katswiri, koma wa ndalama, ndipo ndalama zimalondola wogula. Mayi wogulitsa mandazi ku Manzese sanali m'gulu la oyembekezera kulowa m'nyumbazo. Ndale zitasintha, ntchito zina zikuluzikulu zinaima kwa zaka.

Pali chinthu china chimene chimatifananitsa m'chigawo chino. Kampani imodzi ya ku China, Henan Guoji, inagwirizana ndi MHC kumanga Guoji Dream Town ku Area 49, inamanganso Silverest Gardens kunja kwa Lusaka, komanso nyumba za ku Intaka pafupi ndi Maputo mogwirizana ndi thumba la boma la Mozambique loona za nyumba. Nyumba zabwino, mipanda yabwino. Koma mphunzitsi wa pulayimale angazikwanitse? Bodi ikadzaza ndi anthu oona phindu okhaokha, yankho la aliyense wobwera ndi ndalama limakhala inde, ndipo malo a boma oyandikira tauni, amene sabwereranso akapita, amathera kwa anthu amene akanatha kudzipezera okha.

Ndiye ndikaika maiko atatuwa pasikelo, ndimati Zambia inatiposa pa kuvomereza makomboni ndi kugwira ntchito ndi eni ake, Tanzania inatiposa pa kuyendetsa bungwe mwa bizinesi, ndipo tonse tinagwa pa chinthu chimodzi: wandale akafuna, bodi imapinda. Ife sitikusowa anthu. Sukulu za ukachenjede za MUBAS ku Blantyre ndi Mzuzu University zimatulutsa achinyamata odziwa mapulani a mizinda, tili ndi Malawi Institute of Physical Planners, ndipo lamulo la mapulani a malo linakonzedwanso mu 2016. Chimene ndikupempha ndi chakuti mpando wa katswiri wotere mu bodi ya MHC usadalire kukoma mtima kwa wosankha. Dzina lichokere kwa akatswiri anzake, nthawi yake ikhale yodziwika yosatha ndi chisankho, ndipo akakana chinthu, kukanako kulembedwe poti Nyumba ya Malamulo ingawerenge.

Pambali pake pakhalenso munthu wochokera m'madera osayezedwawo. Magulu a amayi osunga ndalama pamodzi, mothandizidwa ndi bungwe la CCODE, anamanga nyumba zotsika mtengo ku Area 49 ndi ku Angelo Goveya mu Blantyre, ndiye sangauzidwe kuti za nyumba sazidziwa.

Wina anganene kuti munthu mmodzi mu bodi sangasinthe kanthu. Kumbukirani Area 18 mu 2017, pamene madzi a suweji analowa mu paipi ya madzi akumwa, anthu n'kumwa zonyansa m'nyumba zawo, nkhani mpaka kukafika kukhoti, MHC, Lilongwe Water Board ndi khonsolo zikuyankha mlandu. Bungwe lililonse linkayang'ana paipi yake yokha. Kumbukiraninso Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kukwirira mabanja ku Chilobwe. Anthu aja sanakwere m'phiri chifukwa chokonda malo okwera. Anapita kumeneko chifukwa puloti yoyezedwa, ya mtengo woti angaukwanitse, kunsi kuno sinapezeke, ndipo kudula mapuloti otere inali ntchito imene MHC inkaidziwa bwino zaka makumi asanu zapitazo.