Makirediti 12 amupusitsa mwana wa mlongo wanga

Mwana wa mlongo wanga anandiimbira Lamlungu usiku kuchokera ku America. "Malume, digiri ija sindimaliza chaka chamawa." Mtima unandigunda, ndimati walephera mayeso. Ayi ndithu, mnyamatayu sanalepherepo kosi ngakhale imodzi. Chamugwetsa ndi samu ya kupulayimale. Wakhala akutenga makirediti 12 semesita iliyonse, ndipo pa zaka zitatu ali ndi 72. Digiri yake imafuna 120. Atsala 48, pomwe thandizo la fizi lomwe anapata ndi la zaka zinayi basi.

Kwa amene simukuzidziwa izi, kumeneko digiri amaiwerenga ngati matumba a chimanga. Kosi iliyonse ili ndi mulingo wake, zambiri zimakhala za makirediti 3. Kirediti imodzi imatanthauza ola limodzi m'kalasi pa sabata, kuphatikizapo maola awiri owerenga pawekha, kwa masabata pafupifupi 15. Za mu labu ndiye zimapweteka, chifukwa ukhoza kukhalamo maola awiri kapena atatu n'kutulukamo ndi kirediti imodzi yokha. Chondiseketsa n'chakuti kawerengedwe kameneka mizu yake ili ku bungwe la Carnegie Foundation, lomwe mu 1906 linkafuna njira yodziwira makoleji oyenera kulowa m'ndondomeko ya penshoni ya aphunzitsi. Nkhani inali ya penshoni, koma lero ndi imene ikusowetsa ana athu tulo.

Msampha uli pa mawu oti full-time. Sukulu imati amene watenga makirediti 12 ndi wophunzira wathunthu, ndipo viza ya ophunzira akunja, yotchedwa F-1, nayo imafuna 12 yomweyo kwa amene akuchita digiri yoyamba. Mwana akamva zimenezi amati basi ndakwanitsa. Koma 12 kwa masemesita asanu ndi atatu ndi 96. Otsala 24 aja ndi chaka chathunthu cha fizi, lendi ndi inshuwalansi. Kuti umalize pa zaka zinayi uyenera kumatenga 15. Vutoli n'lodziwika kwa eni dziko omwe, mpaka University of Hawaii inayambitsa kampeni yotchedwa 15 to Finish yomwe masukulu ena ambiri anatengera. Chowawitsa mtima china n'chakuti m'mayunivesite ambiri fizi ya makirediti 12 ndi yofanana ndi ya 15 kapena 18. Mnyamata wathuyu wakhala akulipira nsima ya mitanda itatu n'kumadya iwiri.

Sindikumunyoza. Anakulira kuno, kumene ambiri tinazolowera kuti ukalowa koleji umapeza ndandanda ya makosi itakonzedwa kale. Chaka choyamba izi, chachiwiri izi, gulu lonse limayendera limodzi, ndipo chomwe umaopa ndi sapu kapena kubwezedwa kumudzi. Uko amakupatsa buku la makosi mazanamazana n'kukuuza kuti sankha wekha. Ufulu umenewo ndi wokoma pakamwa, koma mwana wa zaka 19 amene sanaonepo chipale chofewa, ndipo akusowa ndi pogula ufa pomwe, adzasankha katundu wopepuka.

Ndinamufunsa kuti nanga advisor wako, mlangizi wa zamaphunziro uja, ankati chiyani? Akuti ankapitako kamodzi pa semesita, kwa mphindi zochepa, kungoti amutsegulire kompyuta kuti alembetse makosi. Mlangiziyo, yemwe ndi mayi, akafunsa ngati zonse zili bwino, iye ankati zili bwino. Apa ndiye pali nkhani yanga. Tinawalera ana athu kuti wamkulu safunsidwa mafunso ambiri, ukalowa mu ofesi umapinda manja, kuyankha zomwe wafunsidwa n'kutuluka. Ulemu umenewo kunyumba ndi wabwino, koma mu ofesi ya mlangizi umadya ndalama. Munthu uja amaona ana ambirimbiri, sangalote kuti thandizo lako likutha chaka chachinayi. Ndikanakonda mayiyo akanawerengera yekha n'kumuchenjeza, ndipo ndikuona kuti pamenepo analakwitsa. Komabe funso lakuti "ndikapitiriza chonchi ndimaliza liti?" linali la mnyamatayu, ndipo pa zaka zitatu silinatuluke pakamwa pake.

Kulinso china chomwe 12 imachita, chomwe ine ndimachiopa kuposa za fizi. Amene watenga 15 akaona kuti kosi ina yamukanika akhoza kuisiya n'kutsala ndi 12, viza yake ili bwinobwino. Amene watenga 12 alibe pothawira. Akasiya imodzi watsala ndi 9, ndipo akachita zimenezo popanda chilolezo cha wa ku ofesi ya ophunzira akunja, amene amamutcha DSO, mbiri yake mu SEVIS, kaundula wa boma la America wa ophunzira akunja, ikhoza kutsekedwa. Alangiziwa ndi awiri osiyana. Wa zamaphunziro akhoza kukuuza ndi mtima wabwino kuti isiye kosiyo isakuwonongere GPA, avereji ya magiredi ako, osakumbuka kuti ndiwe mlendo. Chilolezo chochepetsera makosi chilipo, pa zifukwa ngati matenda kapena semesita yomaliza, koma umapempha usanasiye. Ndipo pa 12 imeneyo, kosi ya pa intaneti yomwe amaiwerengera ndi imodzi yokha.

Ndikudziwa ena anena kuti 15 ndi katundu wolemera. N'zoona. Mwa kawerengedwe kaja ndi maola 45 pa sabata, ndipo ukaonjezera maola 20 omwe viza imalola kugwira ganyu pasukulu afika 65. Semesita yoyamba, pomwe khutu silinazolowere Chingerezi chawo chothamanga chija, 12 sindingaitsutse. Koma ukhale ukudziwa kuti wakongola makirediti atatu ndipo ulembe nthawi yomwe udzabweze. Uonenso makosi omwe amadalirana, chifukwa kosi ya masamu ya Calculus II sungaigwire usanakhoze Calculus I, ndipo makosi ena amaphunzitsidwa kamodzi pachaka. Ukaiphonya imodzi yotere, mzere wonse umasuntha.

Tinakhala pa foni mpaka 1 koloko tikuwerengera. Atatenga 18 kawiri apeza 36, atsalabe 12. Ndiye ayenera kuphunzira tchuthi cha pakati pa chaka chino ndi cha chaka chamawa, ndipo zimenezo zili ndi fizi yakeyake. Lachinayi akukaonana ndi mlangizi uja, ndamuuza apite ndi pepala la mafunso. Mayi ake sitinawauzebe, ndipo mnyamatayu akuti ntchito imeneyo ndi ya amalume.