Asilikali a 54th Massachusetts ndi nkhani ya madola 7

Abale anga, anthu akamakamba za gulu la asilikali akuda la 54th Massachusetts pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku America, nkhani imangothera pa Fort Wagner basi, kuti eee anali olimba mtima. Zoonadi sindikukana. Pa 18 July 1863 madzulo, anyamata pafupifupi 600 anatsogolera kukaukira linga lija pa Morris Island kufupi ndi Charleston, njira yake kamchenga kopapatiza, uku nyanja uku dambo, mizinga ili m'maso. Oposa 250 anaphedwa, kuvulala kapena kugwidwa. Mkulu wawo Robert Gould Shaw, mzungu wa zaka 25 zokha, anafera pomwepo ndipo adani anamuponya m'dzenje limodzi ndi asilikali ake poganiza kuti akumunyoza. Linga silinagwe tsiku limenelo.

Koma kwa ine kulimba mtima kwenikweni kwa anthu amenewa kunaonekera pa nkhani ya malipiro, ndipo mbali imeneyi ndi imene anthu amangoidumpha.

Gululi linakhazikitsidwa kumayambiriro kwa 1863 ndi gavanala wa Massachusetts John Andrew, anthu anachokera kutali, New York, Ohio, Pennsylvania mpaka Canada, ana awiri a Frederick Douglass (mtsogoleri wakuda wotchuka wolimbana ndi ukapolo), Lewis ndi Charles, nawonso analowa. Polembedwa anauzidwa kuti azilandira chimodzimodzi ndi azungu, madola 13 pa mwezi. Atafika kunkhondo boma la ku Washington linatembenuka, akuti inu ndi madola 10, ndipo pa 10 pomwepo tichotsapo 3 ya yunifomu. Nde kuti 7. Mzungu yunifomu yake inali ndi ndalama yake yapadera. Chipolopolo chimodzimodzi, matope omwewo, ndipo wakuda akagwidwa ndi a Confederate, adani a kumwera ofuna ukapolo upitirire, zake zinali zoipa kuposa, boma la kumwera linali litalengeza kale kuti silimutenga ngati mkaidi wa nkhondo, akhoza kugulitsidwa ukapolo kapena kuphedwa.

Anyamata anati ayi, ndalama yanuyo khalani nayo. Wolipira akabwera ndi thumba lake iwo osalandira olo kobiri, miyezi 18 yathunthu. Tangoganizani, kumudzi mkazi akulemba kalata kuti ana alibe chakudya, lendi yakwana, iwe uli ku South Carolina ukukumba maenje pa dzuwa, ndalama ikukuyang'ana pa tebulo koma ukuikana. Ndipo chimene chimandigometsa kwambiri nchakuti chakumapeto kwa 1863 boma la Massachusetts linati chabwino, yotsalayo tikuwonjezerani ife kuti ikwane 13, iwo anakananso. Ena anganene kuti kumeneko kunali kuuma mutu, ndalama ndi ndalama, bola ana adye. Ine ndikuti akanalandira ndiye kuti avomereza kuti lamulo la ku Washington lili bwino, kungoti apeza wachifundo wowapepesa. Iwo amafuna lamulolo lisinthe.

Ndipo nkhondo sanaisiye ayi, apa mpamene panali nzeru, chifukwa kutula mfuti pansi inali imfa. Sajeni William Walker wa gulu lina la akuda, 3rd South Carolina, anatsogolera anzake kukaunjika mfuti pa tenti ya mkulu wawo pa nkhani yomweyi ndipo anamuwombera mu 1864, ati woukira. A 54th iwo amamenya nkhondo ulele. Pa 20 February 1864 ku Olustee, Florida, asilikali a Union, mbali yawo ya kumpoto, atagonja nkumathawa, iwowa ndi ena mwa amene anatchinga kumbuyo kuti anzawo apulumuke. Kenako sitima ya pamtunda yonyamula ovulala itafa panjira, anamanga zingwe nkuyamba kuikoka ndi manja mtunda wa makilomita angapo, anthu oti chilembedwere sanalandire malipiro a pamwezi olo kamodzi. Aaa ine zimenezi zimandipweteka.

Nyumba ya malamulo ya ku Washington inadzavomera malipiro ofanana mu June 1864, komabe ndi kamsampha, ndalama zam'mbuyo zonse amalandira okhawo amene anali mfulu pofika pa 19 April 1861. Nanga amene anathawa ukapolo pambuyo pake? Edward Hallowell, amene analowa m'malo mwa Shaw, anapeza njira yake. M'malo mofunsa munthu kuti kodi unali kapolo, amangomulumbiritsa kuti pa tsikulo panalibe munthu amene anali ndi ufulu womugwiritsa ntchito yopanda malipiro. Nanga ndani angakane zimenezo? Aliyense analumbira ndi mtima woyera, ndipo mu September 1864 ndalama zawo zinatuluka. Patangopita miyezi iwiri anali kale pa moto wina ku Honey Hill.