Apongozi pa Raundabauti

(Apongozi agulitsa fodya ku okushoni ya ku Limbe, agula kagalimoto. Mkamwini akuwaphunzitsa kuyendetsa. Akulowera ku raundabauti ya Clock Tower mu Blantyre.)

MKAMWINI: Pepani bambo, mwina tikanabwererako kumanzere pang'ono. Mbali ino ili ndi eni ake.

APONGOZI: Si inu munati pamsewu pali "right of way"? Right ndi kumanja. Sitandade 6 yakale ndinakhoza ine, akamwini.

MKAMWINI: Munakhozadi bambo, koma right ameneyu ndi wina. Uyu ndi ufulu. Magalimoto awiri akakumana, akunena woyenera kuyamba kudutsa. Za mbali, ife timayenda kumanzere, ngati ku Zambia, ku Mozambique ndi ku Joni. Kumanja amayenda ku Congo.

APONGOZI: Ndiye aminibasi onsewa ndi a ku Congo?

MKAMWINI: Amenewo tiwasiye kaye bambo.

APONGOZI: Mwati ufulu? Womwe tinavotera pa referendamu mu 1993 uja? Ndinayima pamzere dzuwa lili pamutu, ndili nawo umenewo!

(Aponda moto.)

MKAMWINI: BULEKI! Ndiye kuti... buleki bambo, ngati sindikukuvutitsani.

APONGOZI: Mwayamba kundikalipira? Mwana wanga munamupeza pamsewu?

MKAMWINI: Ayi bambo. Chikwangwani cha makona atatu chozondokacho chikuti "Give Way", mupereke mpata. Pa raundabauti amayamba ndi amene akuchokera kumanja kwanu.

APONGOZI: Ehee! Kumanja! Nanga mumanditsutsiranji nthawi yonseyi?

MKAMWINI: Apa pokha zangogwirizana bambo. Onani wanjinga yamotoyo, mudikireni adutse.

APONGOZI: Kamwana ka kabaza aka, kopanda ndi ndevu zomwe? Kwathu mwana akakumana ndi wamkulu amapatuka, chipewa m'manja. Kavule chisoti kandipatse moni.

MKAMWINI: Highway Code siyifunsa zaka bambo.

APONGOZI: N'chifukwa chake dziko lawonongeka. Chabwino, kadutsa. Tsopano tili mkati. Chilole cha simenti chikubwera kumanzerecho, right of way ndi wa ndani?

MKAMWINI: Ndi wanu bambo, wonse.

APONGOZI: Ndiye ndipite?

MKAMWINI: Imani bambo! Imani!

APONGOZI: Aaa! Mwangonena kumene kuti ndi wanga!

MKAMWINI: Wanudi bambo. Koma mmene chikubwereramo, ameneyo Sitandade 6 sanafike.