Ngati mukufuna maso anga, bwezani bandulo yanga

Dzulo usiku ndimafuna kuonera kakanema ka mphindi zitatu kosonyeza kakonzedwe ka mpope wodontha. Kasanayambe, panatulukira kaye kotsatsa galimoto yoti sindingaigule olo nditagulitsa munda wa agogo. Mwini galimoto walipira mwini tsamba, akampani ya foni nawonso adyapo pa mamegabaiti amene apita. Amene walipira kuti asokonezedwe ndine ndekha.

Ndiye anthu akamati woonera zotsatsa malonda pa intaneti azipatsidwako kangachepe, ine ndimavomereza. Komatu ganizoli si la lero. Mu 1999 ku America kunali kampani yotchedwa AllAdvantage, yomwe inkalipira munthu masenti 50 pa ola ngati walola kabokosi ka malonda kukhala pa kompyuta yake pamene ali pa intaneti. Anthu ndi anthu basi: ena anapeza timapulogalamu toyendetsa mausi, ola likumawerengedwa eni ake ali mtulo. Otsatsa ankalipira maso otsinzina. Pofika 2001 kampaniyo inali itatseka.

Amene anabweranso ndi nzeru yooneka bwino ndi Brendan Eich, uja anapanga JavaScript, chilankhulo cholembera mapulogalamu a masamba a pa intaneti, mu 1995. Pulogalamu yake yotsegulira masamba a pa intaneti (browser) yotchedwa Brave imatsekereza zotsatsa za masamba ena, ndipo kuyambira 2019 imakufunsa ngati ukufuna kuona zotsatsa zake. Ukavomera, 70 peresenti ya ndalama ya malondawo imakhala yako. Chimene chimandisangalatsa n'choti kusankha malonda okuyenera kumachitikira mufoni mwako momwemo, mbiri ya zimene umatsegula siitumizidwa kwa otsatsa. Apa ndiye ndaombera m'manja.

Vuto ndi malipirowo. Sakupatsa madola ayi, amakupatsa ndalama ya pa intaneti (crypto) yotchedwa BAT, yomwe mtengo wake umakwera n'kutsika ngati wa tomato. Mu 2017 eni Brave atayamba kuigulitsa anatolera madola pafupifupi 35 miliyoni mphindi imodzi isanathe, koma woonera wamba amatola nyenyeswa. Kuti uisinthe ikhale ndalama wamba, nthawi zambiri uyenera kutsegula akaunti kumakampani osintha crypto ngati Uphold, kuonetsa chiphaso, ndipo si mayiko onse amene amaloledwa. Tangoganizani mtunda umene ulipo kuchoka pamenepo kukafika pa Mpamba kapena Airtel Money ya mayi wogulitsa mandasi ku Ntcheu.

Ndisanaiwale: aja amakutumizirani linki pa WhatsApp kuti "lipirani kaye ya kalembera, kenako muzidya ndalama poonera makanema", amenewo ndi akuba, musawasokoneze ndi nkhaniyi. Wofuna maso anu sangakuuzeni kuti muyambe mwamulipira inuyo.

Maganizo anga ndi awa. Kwathu kuno malipiro omveka ndi bandulo. Wotsatsa agwirizane ndi kampani ya foni kuti kanema wake asamadye mamegabaiti anga, ndipo ndikamuonera mpaka kumapeto andiwonjezere ena ochepa. Palibe chiphaso, palibe kudikira kutha kwa mwezi, palibe kuwerengera mtengo wa crypto. Opanga magemu a pafoni anazitulukira kale zimenezi: onera masekondi 30, upatsidwe mwayi wina wosewera, ndipo ana athu amadina okha popanda wowakakamiza.

Mpope uja ukudonthabe. Bandulo inatha munthu wa mukanema atangonyamula sipanala.