Joe Rogan ali ndi mbali, tisanamizane

Anzanga ena amalimbikira kuti Joe Rogan wa ku America alibe mbali pa ndale, ati ndi munthu wa nthabwala chabe amene amangocheza ndi alendo pa podcast yake. Ine zimenezo ndimakana.

Pa 25 Okutobala 2024, chisankho cha ku America chitayandikira, Donald Trump anapita ku studio ya Rogan ku Austin, ku Texas, ndipo anacheza pafupifupi maola atatu. Trump atayambanso ija yoti mu 2020 anamubera mavoti, Rogan anamufunsa umboni. Bamboyo anangozungulirazungulira, macheza n'kupita kwina. Mtolankhani weniweni akanakakamira pomwepo mpaka yankho lituluke. Koma Rogan amati si mtolankhani, ndipo mpata wothawira ndi umenewo. Pa 4 Novembala, kutangotsala tsiku limodzi kuti anthu aponye voti, analengeza kuti ali mbali ya Trump. Usiku wa chipambano, Dana White, mkulu wa kampani ya masewera omenyana ya UFC, anathokoza Rogan pa nsanja, pamodzi ndi Theo Von ndi ena a ma podcast. Ndiye munthu wopanda mbali amathokozedwa chani pa msonkhano wa chipani?

Ndikudziwa muyankha kuti kumayambiriro kwa 2020 munthu yemweyu ananena kuti mwina avotera Bernie Sanders, amene ankafuna kuimira chipani cha Democrat polimbana ndi Trump. Zoona. Mu 2025 anadzudzulanso boma la Trump pa momwe limagwirira anthu obwera ogwira maganyu. Zoonanso, ndipo pamenepo ndimamulemekeza. Nayenso Kamala Harris, amene ankapikisana ndi Trump mu 2024, anasankha kupita ku podcast ya Call Her Daddy kwa Alex Cooper, komwe ankadziwa kuti alandiridwa ndi manja awiri. Mbali zonse zimadziwa khomo logogoda.

Chimene chimandivuta ine ndi mtundu wa machezawo. Munthu amene umamumvera m'makutu maola atatu, uku ukuchapa kapena uli mu basi, amasanduka ngati mnzako wa pa bawo. Akamaseka naye wandale, nawenso umayamba kumuona wandaleyo ngati wapachibale, osazindikira kuti kampeni yalowa kale. Ndipo sikuti ndi macheza a pakhonde ayi: mu 2024 kunamveka kuti mgwirizano wa Rogan ndi Spotify, kampani youlutsa nyimbo ndi ma podcast pa intaneti, ukhoza kufika madola 250 miliyoni.

Akamakamba za nkhonya za UFC ndimamumverabe, pamenepo amadziwa zinthu. Akangoitana wandale, bandulo yanga ndimasunga.