Ana inu a m'makoleji, munalowera chiyani pagetipo?

Sabata yathayi kwathu kuno ku Chilobwe tinamva kulira ngati kwagwa zovuta. Tithamangireko, tapeza ndi mayi wina wogulitsa tomato ndi anyezi mumsika wa Limbe, wangomva kumene kuti mwana wake anamuchotsa kukoleji miyezi yapitayo. Anawidedwa, mmene mumanenera eni akenu. Chonsecho mnyamatayo m'mawa uliwonse amasita shati, kukoleka chikwama, kulandira ya minibasi ndi ya nkhomaliro, n'kumakaswera kwa anzake ku Chitawira. Mayi ake anali atayamba kale kukambirana ndi amvano anzawo za chitenje chodzavala tsiku la gawuni. Amalume ake atamupanikiza kuti, "Iwe, chinavuta n'chiyani?" iye maso pansi, amvekere, "Ankolo, zinangochitika."

Zinangochitika! Munthu wamkulu, ndevu pepeya, kuyankha choncho?

Ndakwiya, ndipo sindikulankhula ndi iye yekha. Ndikunena inu nonse amene mumadzaza msewu wa Chipembere madzulo, ochokera ku MUBAS imene ife tinazolowera kuti Poly isanasinthe dzina mu 2021, a ku KUHeS pafupi ndi Queens apo, a ku Malawi College of Accountancy, a ku Soche Technical, ndi a m'makoleji ena amene ali mbwee mumzinda muno. Ndimupeze mmodzi wa inu pa Ginnery Corner ndimufunse kuti semesita ino akufuna adzapeze chiyani, andiyankha chani? "Tiona konko, madala." Wina, "Bola kukhoza." Winanso, "Bola osalemba sapu," mayeso obwereza a olephera aja. Chimenecho n'cholinga? Munthu angachoke ku Nsanje kapena ku Chitipa, kusiya makolo atagulitsa mbuzi ndi chimanga cha m'nkhokwe, kudzafuna "bola"?

Chondipweteka n'chakuti mumadziwa kuika cholinga. Muli Folomu 4 munalemba pakhoma mapointi amene mumafuna. Mumadziwa tsiku limene a MANEB ayambitse mayeso kuposa tsiku lanu lobadwa. Mumadzuka tambala asanalire, miyendo m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisakubeni. A NCHE atatulutsa mayina a osankhidwa kupita kuyunivesite, mudzi wonse unamva nthungululu. Nanga mtima umene uja unatsala kuti? Kapena cholinga chonse chinali kulowa pageti n'kujambulitsa chithunzi cha pa Facebook? Malo mwakhalapowo alipo anzanu ambirimbiri amene anakhoza bwinobwino MSCE koma sanawapeze. Ena akutchaja mafoni ku Ndirande, ena akupalasa kabaza ku Lunzu, ndipo akanapatsidwa mpando wanuwo sakanagona.

Sabata yoyamba aphunzitsi amakupatsani pepala lija la ndondomeko ya phunziro lonse, mitu yake, mabuku ake, masiku a asayimenti ndi a mayeso apakati. Ndani wa inu analiwerenga mpaka kumapeto? La mnyamata wathu uja analipeza m'chikwama litapindidwa kanayi, lili ndi mafuta a chipisi, kuseri kwake atalembako matimu a mpira oti abetchere Loweruka. Kuwerengera kumeneko ndiye amatha! Akudziwa kuti timu yakuti ikapambana, ina n'kufanana mphamvu, adya zingati. Koma mumufunse kuti pa asayimenti ziwiri zoyamba anapeza malikisi angati, ndipo akufunika angati pamayeso omaliza kuti apulumuke, angokuyang'anani kukamwa.

Kodi simudziwa kuti malikisi amayamba kuunjikana mwezi woyamba womwe? Mukudziwa. Simudziwa kuti semesita ndi miyezi yochepa chabe, ukangophethira yatha? Mukudziwanso. Nanga bwanji kalasi ya 8 koloko m'mawa mumaisiyira mesho, mnzanu wogona naye chipinda chimodzi, kuti akusainireni? Bwanji pa ntchito ya pagulu mumangotumiza uthenga usiku kuti "mundiikeko dzina, mafana"? Bandulo imene mumapempha kunyumba kuti ndi ya kafukufuku imathera pa TikTok ndi mikangano ya Bullets ndi Wanderers. Asayimenti yoti munapatsidwa masabata atatu apitawo mumaiyamba 11 koloko usiku, kukopera za pa intaneti osawerenga n'komwe, mawa n'kukapereka ndi dzina la mwini wake lili pomwepo. Lachisanu likafika ndiye musanene, Lolemba mukulowa m'kalasi maso ali psuu.

Ikatsala sabata imodzi kuti mayeso ayambe, ha, onse asanduka ophunzira. Laibulale yadzaza mpaka pansi. Khofi, zakumwa zochotsa tulo, mapepala a mayeso akale kuwaloweza ngati ndakatulo, ena kukagona kumapemphero kuti cholembera chidalitsidwe. Pemphero ndi labwino, inenso ndimapemphera, koma mukufuna Mulungu akukumbutseni chimene simunawerengepo? Zotsatira zikatuluka, olakwa ndi aphunzitsi. "Amandida." "Magetsi amazimazima." Anzanu amene akhoza aja magetsi awo amachokera kwina?

Pano ndipatuleko ena, ndisawaphere limodzi. Alipo ana amene amayenda wapansi kuchokera ku Ndirande kapena ku Zingwangwa m'mimba muli pululu, amene fizi imawatsekereza pakhomo la mayeso, amene amagulitsa kaunjika kuti alipire kachipinda. Amenewo ndimawavulira chipewa, ndipo kawirikawiri ndi omwewo amene amadziwa chimene akufuna, chifukwa ola lililonse analiwerengera. Ndikunena inu amene zonse munapatsidwa koma tsiku limakutherani osadziwa kuti lapita kuti.

Ndipo inu a ngongole ya boma, mumaganiza kuti ndi mphatso? Dzina lake lomwe likunena, a HESLGB, bungwe la ngongole za ophunzira lija, amabwereketsa. Ndalama imene mukugulira nsapato ndi sipika ija idzafunidwa, kaya digiri munaitenga kaya munathera panjira. Mudzabweza ndi chiyani? Ndiponso amene mukudzitonthoza kuti bola pepala, dziwani kuti transcript, chikalata cha malikisi anu onse, siiwala. Sapu iliyonse, phunziro lililonse lobwereza, zidzakhala pamenepo pamene mukufunsira ntchito kapena sikolashipu, pampando womwewo pali mnzanu amene munkamuseka kuti amagona mulaibulale. Ntchito zake ziti m'Malawi muno zoti n'kumapita nazo ndi "bola"?

Mpaka ndichite kukuuzani ine, nkhalamba, kuti mutenge pepala mulembe phunziro lililonse ndi malikisi amene mukuwafuna pambali pake? Kuti masiku a asayimenti muwapachike pamene maso amafikira mukadzuka? Kuti musankhe maola owerenga tsiku ndi tsiku, foni ili kutali, ndipo Lamlungu madzulo mudzifunse ngati mwakwanitsa? Digiri ya zaka zinayi ndi masemesita 8 okha, a uinjiniya awo zaka zisanu. Mwadya kale angati osadziwa kumene mukulowera? Phunziro likakuvutani sabata yachitatu, ofesi ya mphunzitsi ili pomwepo, anzanu odziwa ali pomwepo, koma inu manyazi, kudikira mpaka madzi afike m'khosi. Safunsa anadya phula, simunamvepo?

Makolo nanunso musathawe. Mwana akabwera ku holide mumangoti, "Sukulu ikuyenda, bambo?" iye "Ikuyenda," basi nkhani yatha, mwapha nkhuku. Zotsatira zimaoneka pa foni masiku ano. Muuzeni atsegule muone ndi maso anu, ngati zilembo zikukuvutani itanani wa pakhomo loyandikana akuwerengereni. Mumawerengera ndalama ya tomato mpaka K50 yomaliza, koma ya fizi mumangoponya osafunsa kuti yabala chiyani?

Tsono inu ana, ngati simukudziwa chimene mukufuna kumeneko, longedzani mubwere mudzathandize amayi anu kunyamula dengu. Musatinyanse.