Dzina la pa paketi silichapa zovala

Mwalemba kuti katundu wa dzina lodziwika ndiye wodalirika nthawi zonse. Pamenepo ndikutsutsani pang'ono, akulu.

Kwathu kuno mankhwala otsukira mano onse timangoti Colgate, sopo wa ufa aliyense ndi Surf, ngakhale pa paketi patalembedwa dzina lina. Ndiye zina zimene mukuti n'kukonda kampanizi, n'chizolowezi chabe cha pakamwa. Ine kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndinayamba kutembenuza paketi n'kumawerenga kumbuyo. Mchere ndi mchere basi, bola ukhale wa ayodini. M'mapilitsi a Panado muli paracetamol, yemweyo amene ku famase amagulitsa motchipa popanda bokosi lokongola.

Koma pa sopo wochapira ndinalapa. Ndinagula wina wotchipa pamsika, wamtali bwino, wonunkhiranso. Masiku atatu osakwana anali atasungunuka ngati phala, thovu osaoneka, manja kuyabwa usiku wonse. Amayi anga kuseka mpaka misozi, amvekere: "Mwanawe, wagula sopo kapena chinangwa?" Sabata yomweyo ndinakagula wina, ndalama kawiri.

Mafuta ophikira oyezera m'timachubu nawonso ndimawakayikira, poti sudziwa achokera m'chigubu chanji. A m'botolo lomata amalembapo tsiku lothera ntchito komanso kuti muli vitamini A. Masiku ano ndimayamba ndafufuza chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, dzinalo ndimaliona pambuyo. Tiyi yekha musandikakamize, amene ndinakulira sindingamusiye.